Bwanji zithunzi za nkhondo zakale mulibe kumenyana? Za kamera, waya ndi makina osindikizira

Funso la lero lachokera kwa achemwali ena amene akuphunzira utolankhani. Akuti akamaona zithunzi za nkhondo za m'ma 1800 amangopezamo asilikali atayima chilili kapena mitembo ili mbwee, koma kumenyana kwenikweniko mulibe, komanso anamva m'kalasi kuti nyuzi za nthawi imeneyo zinkaika zojambula pamanja pomwe kamera inalipo kale, nde akufuna adziwe kuti zinkatheka bwanji. Kumapeto awonjezera kuti poti masiku ano aliyense ali ndi foni m'thumba, kodi ntchito ya wojambula zithunzi za nyuzi idakalipo kapena akungotaya fizi.

Achemwali, choyamba musunge m'mutu kuti chithunzi cha nkhani sichichoka mu kamera n'kugwera pamaso pa owerenga ayi. Chimayenera chijambulidwe, chitumizidwe ku ofesi, kenako chisindikizidwe, ndipo paliponse pamenepa pali makina ake amene amalola zina n'kukana zina. Anthufe timakonda kukamba za kamera chifukwa ndi imene imaoneka ikulendewera pakhosi, koma ine ndimaona kuti kwa zaka zambiri bwana weniweni anali makina osindikizira aja, amene wojambula mwina sankawaona n'komwe. Kamera inatsogola ndi zaka zoposa 50 makina a nyuzi ya tsiku ndi tsiku asanathe kulandira chithunzi chake.

Tiyambe ndi asilikali oyima chilili aja. Njira ya Louis Daguerre inalengezedwa ku Paris mu 1839, ndipo inkafuna kuti kamera ikhale chitsegulire kwa mphindi zingapo kuti kuwala kugwire pa kambale ka mkuwa kokutidwa ndi siliva. Pali chithunzi chake china cha 1838 cha msewu wa Boulevard du Temple, mukachisaka pa intaneti muchipeza, msewuwo ukuoneka ngati anthu onse asamuka chonsecho unali wa piringupiringu, ngolo, akavalo, anthu oyenda pansi. Chilichonse chomwe chinkayenda sichinagwire. Anatsala ndi bambo wina pakona amene anaima nthawi yaitali poti amapolishitsa nsapato. Nde ngati ngolo yongoyenda mwakemwake imasowa pachithunzi, msilikali wothamanga ndi mfuti akanaoneka bwanji.

Mu 1851 Frederick Scott Archer wa ku England anabweretsa njira ya collodion, yomwe inatsitsa nthawi kufika pa masekondi angapo komanso inkapereka negative ya galasi, chithunzi chotembenuka chimene powala pamada pamdima n'kuyera, yoti ungatsukepo makope ambiri. Koma ntchito yake inali ya thukuta zedi. Umatenga galasi, kulipukuta mpaka mbee, kuthirapo mankhwala onanda aja n'kumalipendeketsa uku ndi uku kuti afike ngodya zonse, kuliviika mu silver nitrate uli mumdima, kulitsekera m'kabokosi, kuthamanga nalo ku kamera, kujambula, kuthamanganso kubwerera kumdima kukalitsuka, zonsezi m'mphindi 10 kapena 15 galasilo lisanaume, likangouma basi wavutikira pachabe. Kutanthauza kuti chipinda chamdima chimayenera kukhala pomwepo pamalo a nkhani. Roger Fenton popita ku nkhondo ya ku Crimea mu 1855 anagula ngolo ya munthu wogulitsa vinyo n'kuisandutsa darkroom yokokedwa ndi akavalo, ndipo anabwerako ndi zithunzi pafupifupi 360, zambiri za akuluakulu a asilikali atakhala mwaulemu, matenti, doko la Balaklava. Apa tisanamizire makina okha, Fenton anapita ndi ndalama za wamalonda wofuna kudzagulitsa zithunzizo ku Britain komanso ndi makalata ochokera kubanja lachifumu, nde mitembo ya anyamata awo sinali pa pulogalamu. Chithunzi chake chotchuka ndi cha kachigwa kodzaza zipolopolo za mizinga, ndipo chilipo pawiri, china zipolopolo zili m'ngalande china zamwazikanso pamsewu, mpaka lero anthu amakangana kuti anaziika pamsewupo ndani.

Mitembo inadzaoneka kwambiri ku America pa nkhondo yapachiweniweni. Alexander Gardner, amene panthawiyo ankagwira ntchito kwa Mathew Brady, anafika ku Antietam mu September 1862 nkhondo itangotha kumene maliro asanaikidwe, ndipo mwezi wotsatira anthu ku New York anakhamukira ku situdiyo ya Brady kukaona zithunzizo. Chifukwa chomwe mukuonera mitembo yambiri m'zithunzi za nthawi iyi n'chosavuta ngakhale n'chowawa kuchinena, wakufa sagwedezeka, kamera ya masekondi imamugwira bwinobwino. Ku Gettysburg mu 1863 gulu la Gardner lomwelo linachita kunyamula mtembo wa msilikali n'kukauika pakati pa miyala, n'kutsamiritsa mfuti pambali kuti chithunzi chikome.

Tsono taonani kuti anthu aja anachita kupita ku situdiyo kukaona, sanaone mu nyuzi. Apa ndi pa funso lanu lachiwiri. Makina osindikizira a nthawi imeneyo amadziwa zinthu ziwiri zokha, potukuka pamagwira inki, pokumbika pamasiya pepala loyera. Zilembo zimayenda bwino mwanjira imeneyi. Koma chithunzi cha kamera n'chodzaza ndi zotuwa, pena potuwa kwambiri pena pang'ono, ndipo makinawo analibe inki yotuwa. Nde nyuzi ngati Illustrated London News, yomwe inayamba mu 1842, kapena Harper's Weekly ya ku New York, zinkalemba amisiri ogoba pathabwa. Chithunzi amachikopera pathabwa lolimba, kenako kugoba timizere ting'onoting'ono, ndipo chikakhala chachikulu ankaligawa thabwalo m'zidutswa, aliyense kugoba chake, akamaliza n'kuzimanganso pamodzi ndi mabawuti. Pansi pake amalemba kuti chachokera pa chithunzi cha kamera, koma zomwe owerenga ankaona zinali zodutsa m'dzanja la munthu, amene amatha kuwonjezera utsi, kuchotsa zonyansa, kukongoletsa nkhope ya jenerale. Kwa mkonzi wa 1863, munthu wa pensulo ngati Alfred Waud anali wofunika kuposa wa kamera, poti iye amajambula kumenyana kwenikweniko ali pomwepo, opanda ngolo ya mankhwala.

Chimene chinamasula zinthu ndi halftone, ndipo ine ndimaiika pamwamba pa makamera onse amene tikambe m'munsimu, Leica yomwe. Tengani nyuzi iliyonse imene muli nayo, Nation kaya Daily Times, muyandikize kamera ya foni yanu pa chithunzi cha patsamba loyamba n'kuzuma. Mupeza kuti ndi timadontho tokhatokha, pamdima timadonthoto ndi tikulutikulu mpaka kugundana, powala ndi tating'ono totalikirana, diso lanu ndi limene limasakaniza mukaonera patali. Kalelo amachita kujambulanso chithunzicho kudzera pa galasi la timizere topingasana, ngati mmene ufa umadutsira pa sefa, kuwala kumatuluka mbali inayo kutagawika m'timadontho, kenako asidi amadya chitsulo m'mipata ya timadonthoto kuti titsale totukuka ngati zilembo. Daily Graphic ya ku New York inayesa pa 4 March 1880 ndi chithunzi cha zisakasa za anthu osauka mumzindamo, koma zinatenga mpaka 1897 kuti New York Tribune ithe kuchita zimenezi pa makina ozungulira othamanga aja, ndipo mu 1904 Daily Mirror ya ku London inayamba kudzaza masamba ake ndi zithunzi za kamera. Amisiri ogoba aja ntchito inawathera choncho.

Koma halftone nayo inabwera ndi malamulo ake. Pepala la nyuzi limamwa inki, dontho lililonse limafufuma likagwapo, nde amagwiritsa ntchito madontho akuluakulu, mizere pafupifupi 85 pa inchi pomwe magazini a pepala losalala amapitirira 130. Chithunzi cha tinthu tambirimbiri chimangosokonekera. N'chifukwa chake akonzi anazolowera kufuna nkhope yaikulu, anthu awiri kapena atatu basi, kuwala ndi mdima zosiyana bwinobwino, ndipo ojambula anayamba kujambula motero kuti zithunzi zawo zizidutsa. Zambiri zomwe aphunzitsi anu akukuuzani kuti ndi malamulo a chithunzi chabwino cha nyuzi zinayamba ngati kugonjera pepala lotchipa.

Ndipatukeko pang'ono, kuno kwathu mmodzi mwa anthu akuda oyambirira kugwira kamera anali Mungo Murray Chisuse, amene anali wosindikiza mabuku ku Blantyre Mission n'kudzatsegulanso situdiyo yake, ndipo zina mwa zithunzi za John Chilembwe ndi banja lake zimene timazidziwa lero ndi ntchito yake. Kwa ine sizodabwitsa kuti anali munthu wa ku makina osindikizira, ntchito ziwirizi n'zapachibale kuyambira kale.

Mbali ya kamera nayo inkasuntha. Magalasi ouma a gelatin, amene Richard Maddox anawafotokoza mu 1871, anachotsa ngolo ija, umatha kugula magalasi okonzeratu n'kudzatsuka mawa. George Eastman anatulutsa Kodak mu 1888 ili ndi filimu ya zithunzi 100, kenako Brownie ya dola imodzi mu 1900, nde kamera inafika m'manja mwa anthu oti si akatswiri. Mmodzi wa iwo anali mmishonale Alice Seeley Harris ku Congo ya mfumu Leopold II, amene mu 1904 anajambula bambo wina dzina lake Nsala atakhala pakhonde akuyang'ana kadzanja ndi kaphazi ka mwana wake wamkazi, amene anaphedwa ndi alonda a kampani ya labala chifukwa mudzi sunakwanitse mlingo. Zithunzi zimenezi zinazungulira Britain ndi America m'timabuku komanso m'misonkhano momwe ankaziwalitsa pakhoma ndi nyali, ndipo zinathandiza kuti mu 1908 boma la Belgium limulande Leopold dzikolo. Ku New York, Jacob Riis analowa m'zipinda zamdima momwe amphawi ankagona mothithikana atamva za wonga wa fulashi umene unapangidwa ku Germany mu 1887, wonga weniweni wa magnesium wochita kuyatsa, moti nthawi ina anayatsa nawo nyumba ya eni ake. Buku lake la 1890 likuonetsa bwino nthawi yapakatikati ija, muli ma halftone osaoneka bwino osakanikirana ndi zojambula pamanja zokopera zithunzi zake zomwe.

Kamera imene inalamula nyuzi za ku America mpaka m'ma 1950 ndi Speed Graphic, chibokosi chija mumachiona m'mafilimu akale chili ndi chimbale cha fulashi pambali. Filimu yake inali ya mapepala a mainchesi 4 kwa 5, ndipo kachikwama kamodzi kamanyamula awiri okha, kutsogolo ndi kumbuyo. Ukajambula umabwezera chotsekera, kuzula kachikwamako, kukatembenuza, kulowetsanso, kusolola chotsekera china, kukoka shutter, ndipo ngati uli pa fulashi umazulanso babu lotentha lija n'kuika lina poti mababu amene anabwera cha mu 1930 amayaka kamodzi basi. Munthu wotere sajambula mwachisawawa. Amadikira kamphindi kamodzi, ndipo kakapanda kubwera amakapanga yekha, bwana tagwirananinso chanza, yang'anani kuno, musasunthe. Zithunzi za akuluakulu atagwirana chanza maso ali pa kamera, zomwe zatikola mpaka lero m'nyuzi zathu pamodzi ndi chicheke chachikulu chija, mbali ina zinachokera kumeneku. Koma musainyoze. Chombo chouluka cha Hindenburg chitayaka ku Lakehurst ku America pa 6 May 1937 chinapsa pasanathe mphindi imodzi ndipo Sam Shere anachigwira ndi Speed Graphic asanaifikitse n'kumaso komwe, Joe Rosenthal naye mbendera imene asilikali a America ankaimika pachilumba cha Iwo Jima pa 23 February 1945 anaijambula ndi yomweyo. Negative yaikulu imalolanso mkonzi kudula kagawo kakang'ono n'kukakuza osawonongeka, nde akonzi ambiri anakana makamera ang'onoang'ono kwa zaka zambiri, ankawaona ngati zidole.

Zidolezo zinachokera ku Germany. Mu 1924 kunatuluka Ermanox, ya lenzi yotseguka kwambiri yoti imajambula m'nyumba opanda fulashi, ndipo Erich Salomon, munthu wophunzira zamalamulo wovala suti amene amalowa paliponse, anayamba kujambula m'makhoti kamera ataibisa m'chipewa, komanso nduna za mayiko zitatopa pamisonkhano yausiku, ena akusinza pampando. Anthu wamba anali asanazolowere kuona atsogoleri awo asanakonzekere kujambulidwa. Chaka chotsatira, 1925, kampani ya Leitz inayamba kugulitsa Leica imene Oskar Barnack anaipanga pogwiritsa ntchito filimu ya kanema ya 35mm, zithunzi 36 pampukutu umodzi, kamera yolowa m'thumba la jekete. Nkhani sinali kupepuka kokha. Ndi zithunzi 36 wojambula amatha kutsatira chinthu chikuchitika kuyambira poyamba mpaka pothera, ndipo magazini ngati Berliner Illustrirte Zeitung, Münchner Illustrierte Presse ndi Vu ya ku Paris anayamba kuyala zithunzi zambiri pamasamba awiri kuti zifotokoze nkhani zokha mawu n'kukhala ochepa. Kumenyana kumene mumakusowa kuja kunayamba kuoneka pafupi nthawi imeneyi, ku nkhondo ya ku Spain ya 1936 komwe kunali ojambula Robert Capa ndi Gerda Taro. Hitler atatenga boma mu 1933 anthu ambiri a m'magazini a ku Germany anathawa, Stefan Lorant anakayambitsa nawo Picture Post ku London mu 1938, Alfred Eisenstaedt anakalowa Life ku New York, koma Salomon sanapulumuke, anafera ku Auschwitz mu 1944. Ndipo apanso osindikiza ndi amene analoleza. Vu inkadalira njira yosindikizira ya rotogravure yotulutsa zotuwa zosalala, Life imene Henry Luce anaitulutsa pa 23 November 1936 sikanatheka popanda pepala losalala lotsika mtengo ndi inki youma msanga ikatenthedwa, zomwe zinali zitangopezeka kumene.

Chatsala ndi chapakati chija, kutumiza. Mawu amayenda pa telegalafu kuyambira m'ma 1840, koma chithunzi kawirikawiri chimakwera sitima, nde nkhani imatuluka lero chithunzi chake n'kudzafika patapita masiku. Pa 1 January 1935 kampani yogawira nyuzi nkhani ya Associated Press (AP) inatsegula Wirephoto, choyamba chinali cha ndege yomwe inagwa m'mapiri a Adirondack. Amakulunga chithunzi pa chigubu chozungulira, kakuwala kamayenda mzere ndi mzere, powala ndi pamdima pamasanduka phokoso pa waya wa lamya, mbali inayo makina ena n'kumalembanso pa filimu, mphindi 8 kapena kuposerapo pa chithunzi chimodzi, laini ikangosokonekera chimafika ndi mizere. Popeza waya unali wodula komanso wochedwa, pa nkhani yonse amasankha chithunzi chimodzi kapena ziwiri, ndipo chimenecho chimatuluka m'nyuzi zambirimbiri tsiku limodzi. Cha Rosenthal chija filimu inakwera ndege kupita ku Guam, kutsukidwa, kutumizidwa pa wailesi, Lamlungu pa 25 February chinali patsamba loyamba ku America konse. Mukamadabwa kuti bwanji nkhondo yathunthu timaikumbukira ndi chithunzi chimodzi, gawo lina la yankho ndi kuchepa kwa mpata pa waya.

Za m'ma 1950 ndi 1960 ndidutsepo mwachangu. Kodak Tri-X ya 35mm inabwera mu 1954, filimu yopirira mdima, Nikon F mu 1959, yolimba moti ya Don McCullin inatchinga chipolopolo ku Cambodia, ndipo ndi zida ngati zimenezi nkhondo ya ku Vietnam inalowa m'manyumba a anthu, Larry Burrows mpaka ndi filimu ya makaka.

Koma kwa ife a chigawo chino phindu la kamera yaying'ono linaonekera kwambiri ku South Africa, chifukwa kamera yaying'ono imabisika. Magazini ya Drum, yomwe inayamba mu 1951, inali ndi Jürgen Schadeberg, Bob Gosani, Peter Magubane ndi ena, ndipo Magubane ataona kuti apolisi sakulola makamera anaboola buledi n'kulowetsamo Leica, nde amaoneka ngati akungodya pomwe akujambula. Ernest Cole analowa m'makomponi a migodi, komwe abale athu ambiri a ku Wenela ankagwira ntchito, kamera ili m'pepala la kamba wa masana, ndipo zithunzizo anachita kuthawa nazo n'kukasindikiza buku kunja mu 1967. Ian Berry anali ku Sharpeville pa 21 March 1960 pamene apolisi anapha anthu 69, zithunzi zake za anthu akuthawa zinatsutsa zomwe apolisi ankanena. Ndiye pa 16 June 1976 ku Soweto, Sam Nzima wa nyuzi ya The World anajambula ndi Pentax mnyamata Mbuyisa Makhubu atanyamula Hector Pieterson, mwana wasukulu amene apolisi anamuwombera, mlongo wake wa Hector akuthamanga pambali akulira. Nzima anadziwa kuti apolisi amulanda, nde anapomba filimuyo msangamsanga, kuizula, kuibisa mu sokosi n'kuika ina mu kamera. Apolisi anawononga enawo koma ya mu sokosi ija inafika ku ofesi. Galasi la Fenton silikanalowa mu sokosi. Mwini wakeyo sizinamuthere bwino, apolisi anamusautsa mpaka anachoka ku Johannesburg, The World inatsekedwa ndi boma mu 1977, ndipo umwini wa chithunzi chake anadzaupeza mu 1998, patapita zaka 22.

Musatenge ngati makina ndi amene amapereka chilolezo ayi. M'Malawi muno nthawi ya chipani chimodzi makamera abwino analipo, mafilimu analipo, koma ndi lamulo la Censorship la 1968 komanso nyuzi zikuluzikulu zili m'manja mwa olamula, zithunzi zomwe zinkatuluka zinali za misonkhano, magule ndi kutsegulira zitukuko. Nyuzi zambiri zinadzaphuka nthawi ya referendamu ya 1993, The Nation inayamba chaka chomwecho, ndipo kompyuta yoyalira masamba inathandiza kuti anthu ochepa m'kachipinda kamodzi athe kutulutsa nyuzi, koma chinayamba kusintha ndi ndale.

Nkhani ya makaka ili ndi mbali imene m'makalasi ambiri saikamba. Malo otsukira zithunzi ankalinganiza makina awo pogwiritsa ntchito khadi la Kodak lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, ankalitchula kuti Shirley, nde zonse zimayezedwa ndi khungu loyera. Munthu wakuda akaima pafupi ndi mzungu, kapena akavala malaya oyera padzuwa, nkhope imangoda bii, maso ndi mano okha kuoneka. Mukaphatikiza ndi pepala lomwa inki lija mumvetsa chifukwa chake m'nyuzi zakale nkhope za makolo athu zambiri sizizindikirika. Ojambula odziwa ntchito ankayeza kuwala pankhope osati pamalaya, ndipo potsuka amatchingira nkhopeyo ndi dzanja kwa masekondi angapo kuti isapse. Inunso muzikhudza sikirini ya foni pankhope pomwepo musanajambule, vutoli silinatheretu. Nyuzi za tsiku ndi tsiku zinachedwanso kulowa m'makaka, USA Today inayamba nazo mu 1982 koma New York Times inaika chithunzi cha makaka patsamba loyamba mu 1997.

TV itatenga otsatsa malonda magazini akuluakulu aja anagwa, Picture Post mu 1957, Look mu 1971, Life ya sabata ndi sabata mu 1972. Filimu inapitirirabe, ndipo vuto lotulutsa mpukutu pamalo oopsa linali lomwelo, ku Beijing mu June 1989 filimu ya Jeff Widener ya munthu woima kutsogolo kwa akasinja inatuluka mu hotela ili m'kabudula wamkati wa mnyamata wina wa ku America, Charlie Cole yake anaibisa m'thanki ya chimbudzi. Kamera ya digito inapangidwa koyamba ku Kodak komweko mu 1975 ndi injiniya Steven Sasson, chinthu cholemera makilogalamu oposa 3 chotenga masekondi 23 kusunga chithunzi chimodzi pa kaseti, koma atolankhani anaigwira zenizeni mu 1994 pamene AP ndi Kodak anatulutsa NC2000, ya megapixel 1.3 yokha pamtengo wa madola pafupifupi 18,000. Zithunzi zake sizinkafika pa filimu, koma nyuzi zinagulabe chifukwa madontho a pepala la nyuzi aja amabisa zambiri, komanso mpira ukatha usiku chithunzi chimafika makina asanayambe kuzungulira. Nikon D1 itabwera mu 1999 yotsika mtengo kwambiri, ma darkroom m'manyuzi anayamba kutsekedwa. Chomwe chinatayika ndi chizolowezi chosunga. Nkhani ya chibwenzi cha Monica Lewinsky ndi pulezidenti wa America Bill Clinton itaphulika mu 1998, m'mafilimu a Dirck Halstead a 1996 munapezeka chithunzi cha Bill Clinton akumukumbatira pakati pa gulu, chithunzi choti tsiku lojambulalo chinalibe ntchito, chikanakhala pa khadi ya digito mwina chikanafufutidwa usiku womwewo. Kukonza zithunzi nako kunaphweka, National Geographic inasendeza mapiramidi mu 1982 kuti akwane pachikuto, ndipo mu 2003 Los Angeles Times inachotsa ntchito Brian Walski chifukwa cholumikiza zithunzi ziwiri za ku Iraq kukhala chimodzi.

Tsono za foni. Sindikunamizani, mipando yachepa. Mu May 2013 Chicago Sun-Times inachotsa anthu onse 28 a gawo la zithunzi tsiku limodzi n'kuuza olemba nkhani kuti aphunzire kujambula ndi iPhone, ndipo masiku ano si zachilendo kutuma munthu mmodzi kuti alembe, ajambule, atengenso kavidiyo ka pa Facebook. Chithunzi choyamba cha ngozi kawirikawiri chimakhala cha amene anali pomwepo, ndege imene inatera mumtsinje wa Hudson mu January 2009 inajambulidwa ndi munthu wokwera boti n'kuponya pa Twitter, ndipo Freddy atagumula ku Soche ndi Chilobwe mu March 2023 ambirife tinaona koyamba pa WhatsApp. Kujambula, kutumiza ndi kufalitsa zonse zalowa m'kachipangizo kamodzi, palibenso pochedwetsa. Pothina pasamukira pena, pa kudziwa ngati chithunzicho n'choona. Pakagwa tsoka lililonse mumaona nokha zithunzi za dziko lina kapena za chaka china zikuzungulira m'magulupu ngati za lero, pano kwawonjezekeranso za AI, chija cha Papa Francis atavala chijekete choyera chofufuma mu 2023 chinapusitsa anthu ambirimbiri. Chaka chomwecho Leica inatulutsa M11-P imene imaika siginecha ya digito pa chithunzi chilichonse kuti pazidziwika pomwe chachokera ndi zomwe chakonzedwa, makampani ena atsatira, koma siginechayo imatayika chithunzi chikadutsa malo amene amachifinya.

Nde ntchito ilipo, kungoti amene akulipireni sakugula kudina batani, akugula dzina lanu pansi pa chithunzi ngati chikole choti munalipo ndipo simunasinthe kanthu, akugulanso zimene wa foni wongodutsa sachita, kufunsa mayina n'kuwalemba molondola, kupempha chilolezo kwa anamfedwa, kubwerera kumsasa patatha miyezi itatu anthu onse atayiwala. Foni yabwino ikukwanira poyambira, ikuposa NC2000 ija kutalitali, chomwe ikusowa kwambiri ndi lenzi yokokera patali ya mpira ndi misonkhano. Musamafufute zithunzi pamalo a nkhani, muzisunga fayilo yoyambirira malo awiri, ndipo potumiza kwa mkonzi pa WhatsApp muzitumiza ngati document, chifukwa mukatumiza ngati chithunzi wamba imachifinya n'kuchotsa tsiku, nthawi ndi dzina la kamera, zomwe ndi umboni wanu wina akadzati n'chabodza. Chinanso, mukamayamba attachment kapena kugulitsa zithunzi, mufunse poyambirira pomwe kuti umwini utsala ndi ndani ndipo zilembedwe papepala. Capa, Henri Cartier-Bresson, George Rodger ndi David Seymour anayambitsa bungwe la ojambula la Magnum mu 1947 kuti ma negative azitsala m'manja mwa ojambula, kuno za umwinizi mukhoza kukafunsa ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso, musanasaine.